Mutu 5: Khadi Lolankhula

1. Mphunzitsi wa kuseri kwa laibulale

Dzina loti Naphuma silinabwere mwangozi. Anamupatsa ndi bambo ake ataona kuti mwanayo amamwa tiyi asanazizire, amayankha funso lisanathe, ndipo chitseko amatsegula ndi phewa. Kusukulu nako dzinalo linamukakamira mpaka aphunzitsi ena anaiwala lenileni.

Tsiku lomwe anaika gemu ya wapaulendo mufoni yakale ya bambo ake, khalidwe linali lomwelo. Gemuyo ndi ija umayendetsa kamunthu konyamula thumba, n'kumadutsa m'nkhalango ndi m'mizinda ukumenyana ndi zilombo. Koma ana a sukulu zilombozo analibe nazo ntchito kwenikweni. Chimene chinawazunguza mitu ndi kamasewera ka makhadi kamene kali m'kati mwa gemuyo. Ukalowa m'nyumba ya alendo ya mumzinda woyamba, umapeza mkulu wina wandevu ali patebulo. Iyeyo ndiye amakupatsa makhadi oyamba ndi kukufotokozera malamulo.

Kunena zoona, mkulu wandevuyo ndi wolongolola. Mawu ake amabwera pasikirini tsamba ndi tsamba, ndipo pansi pake pali kabatani kodumphira. Naphuma anadina kabatani kameneko mpaka chala kutentha.

"Ine ndiphunzitsidwe ndi chidole?" anatero. "Ndizidziwira m'kusewera momwemo."

Amene anadzipereka kumuphunzitsa anali mtsikana wa kalasi yapamwamba, yemwe anzake ankamutcha Dona chifukwa sankakhala pansi asanayale kampango. Lachisanu ataweruka, awiriwo anakhala kuseri kwa laibulale ndi kulumikiza mafoni awo. Atsikana ena anawazungulira.

"Zosavuta izi, mwana," anatero Dona. "Waona makomo atatuwo? Pakhomo lililonse uike khadi limodzi chozondotsa. Inenso chimodzimodzi. Tikatembenuza, wa nambala yaikulu watsegula khomo. Wotsegula makomo awiri wapambana, ndipo amasankha khadi limodzi mwa amene mnzake waika patebulo. Basi."

"Basi?"

"Basi. Ndipo ndikupatse nzeru yaulere. Khadi lomwe umalikonda usamaliike patebulo. Lisiye m'thumba, lili pabwino."

Naphuma anali nalo khadi lotero. Linali Chimphona cha nambala teni, chomwe anachipeza atalimbana ndi chilombo cha m'phanga masiku ambirimbiri, mpaka kuiwala homuweki. Analisiya m'thumba monga anauzidwira.

Ulendo woyamba anapambana. Anaseka mokweza, mtima uli m'mwamba. Ulendo wachiwiri anaika eyiti pakhomo lofiira, Dona n'kuika sikisi. Koma khomolo linatsegukira Dona.

"Iii, zatheka bwanji?"

"Aa, ndinaiwala kukuuza," anatero Dona akuyang'ana zikhadabo zake. "Khadi likafanana mtundu ndi khomo limawonjezera mphamvu. Langali ndi lofiira."

Atsikana aja anaseka. Naphuma ananena kuti apitirize. Ulendo wachitatu Dona anatsegula khomo loyamba, lachiwiri, lachitatu lomwe. Pomwepo thumba lonse la Naphuma linatseguka pasikirini ya Dona, makhadi onse ali poyera.

"Thumba langa likufuna chiyani kumeneko?"

"Aa, ndinaiwalanso. Kumeneku timati kusesa. Ukatsegula makomo onse atatu umasankha khadi lililonse, ngakhale la m'thumba."

Chala cha Dona chinagwera pa Chimphona. Basi, chapita.

Naphuma anaimirira. "Umeneku ndi kuba! Sunandiuze!"

"Kodi wandevu uja sanakuuze? Safunsa anadya phula, mwana." Dona anapinda kampango kake bwinobwino. "Ukachifuna Chimphona chako, ubwere Lolemba ndi khadi la m'mbali mwa golide, tidzasewerenso. Zinyalala zinazo ayi."

Kuseka kwa atsikanawo kunamuperekeza mpaka pageti. Ndipo khadi la m'mbali mwa golide Naphuma ankalidziwa limodzi lokha. Linkagona m'chipinda chake chomwe.

2. Kaduu

Kaduu anali mwana wa malemu mayi ake aang'ono a Naphuma. Anabwera pakhomopo maliro atatha, atanyamula chikwama chimodzi ndi foni ya mayi ake yosweka galasi, yomatidwa ndi tepi pakona. Sankalankhula pokhapokha atafunsidwa, n'chifukwa chake Naphuma anamupatsa dzina limeneli. Mwanayo sanadandaule, anangoyamba kuvomera.

Chibwerereni Kaduu, Naphuma ankaona ngati walandidwa. Bedi lomwe ankadzitambasulapo yekha anayamba kugawana. Shelefu ya mabuku ndi zovala inagawidwa pakati. Mayi akabwera kuchokera ku ntchito yawo ya kuchipatala, funso loyamba linali lakuti, "Kaduu wadya?" Zinthu zazing'ono, inde, koma mtima wa nsanje sudya zambiri kuti unenepe.

Kaduu ankayesetsa. Ankasita yunifolomu ya Naphuma asanasite yake, ndipo pogona ankadzipanikiza kukhoma. Naphuma zonsezo sankaziona.

Mufoni yosweka ija munali gemu yomweyo ya wapaulendo. Malemuwo anali munthu wansangala, ndipo pamene matenda anawagoneka, gemuyo ndi imene inkawatayitsa nthawi. M'gemumo munthu aliyense amapatsidwa khadi limodzi loyera loti likhale lakelake. Amalilemba dzina ndi kujambuliramo mawu ake, ndipo likapambana kambirimbiri, m'mbali mwake mumasanduka golide. Malemuwo analilemba kuti "Amayi". Ukalikhudza, linkalankhula ndi mawu awo enieni:

"Ndafika, mwanawe, usaope!"

Kenako kaphwete ka kuseka, komwe kankathera m'kachifuwa.

Zithunzi za malemuwo zinalipo zambiri, koma mawu awo sanatsale pena paliponse. M'mawa uliwonse Kaduu akavala nsapato, ankakhudza khadilo kamodzi, kumvetsera, n'kuika foni pansi pa pilo. Tsiku lina Naphuma anamukalipira kuti, "Kodi wailesi yakoyo ilibe nyimbo ina?" Kuyambira pamenepo Kaduu ankachepetsa mawu n'kuika foniyo pakhutu.

Panalinso nkhani ina pakhomopo, yomwe akuluakulu ankaikamba motsitsa mawu. Azakhali ake a Kaduu, alongo awo a bambo ake omwe anasowa kalekale, ankamufuna mwanayo. Ankakhala kutali, anali ndi ana aang'ono atatu ndipo analibe wowalera. Akafunsidwa za sukulu ankangoti, "Zimenezo tidzaona." Mayi a Naphuma anakana mpaka misozi, koma pamapeto pake mabanja awiriwo anagwirizana kuti mwana anene yekha komwe akufuna kukhala. Azakhaliwo ankabwera Lamlungu kudzamva yankho.

3. Mabuleki awiri

Loweruka m'mawa Naphuma anatumidwa kukathandiza bambo ake kutsuka galimoto. Bambowo ntchito yawo inali yophunzitsa anthu kuyendetsa, ndipo kagalimoto kawo koyera, ka chikwangwani chofiira kutsogolo ndi kumbuyo, ankakasamala ngati mwana wakhanda.

Naphuma ankapukuta galasi mokhala ngati lamulakwira.

"Galasilo likasweka ugula ndiwe?" anafunsa bambo. "Chakudya mtima n'chiyani? Kuyambira dzulo nkhope ili ngati wamwa mankhwala a malungo."

Naphuma anafotokoza zonse, za Dona, za makomo, za Chimphona. Ankayembekeza kuti bambo amuseka kapena amulanda foni. Koma iwo anafinya chinsanza, n'kutsegula chitseko cha mbali ya wokwera.

"Tasuzumira pansipo. Ukuona chiyani?"

"Buleki."

"Nanga mbali ya dalaivala?"

"Buleki winanso."

"Eya. Tamvera tsono, ndipo lero undilole ndimalize. Zolakwa pankhani yakoyi zilipo ziwiri. Choyamba ndi chako. Munthu akabwera kwa ine, tsiku loyamba sagwira chiwongolero. Amakhala pansi ndi buku la zikwangwani, amanyong'onyeka, ena mpaka kundinyoza mumtima. Koma lamulo lomwe walidumpha silikudumpha iwe, mwanangu. Limakudikirira pamphambano. Ndipo kawirikawiri lomwe lili patsamba lomaliza ndi limene limapweteka, chifukwa pofika pamenepo aliyense amakhala atatopa kuwerenga. Iweyo kuyambira uli wamng'ono umathamangira kumapeto kwa chinthu. Kuthamanga si kufika."

Naphuma anatsegula pakamwa, koma bambo anakweza dzanja.

"Chachiwiri ndi cha mnzakoyo, ndipo ndicho chachikulu. Buleki uyu wa mbali yangayu anamuika chifukwa wophunzira amakhala wapereka moyo wake m'manja mwanga. Sadziwa kanthu. Ndikamuuza kuti pita, amapita. Ndikakhala chete, amaganiza kuti njira ili bwino. Ndiye kukhala chete kwa mphunzitsi ndi bodza loposa mabodza onse. Tinali naye mnzathu wina kuntchito, wokonda kuseketsa anthu. Ankatenga wophunzira watsopano kupita naye pachitunda, osamuuza za buleki wa pamanja. Galimoto ikayamba kubwerera m'mbuyo, munthu akukuwa, iye akungofa nako kuseka, amvekere, 'Aa, ndinaiwala kukuuzani.' Mayi wina anatsika pachitunda pomwepo, nsapato m'manja, ndipo mpaka lero sanagwirenso chiwongolero. Galimoto sinaphwanyike, munthu sanavulale. Chinasweka ndi chikhulupiriro, ndipo chimenecho kulibe makaniko amene amawotcherera."

Anatseka chitseko n'kutsamira galimoto.

"Zakupweteka, ndaona. Koma samala, chifukwa munthu wolumidwa amafunafuna woti naye amulume, ndipo amasankha wofooka amene ali pafupi. Kakhadi kakoko ndi kachithunzi chabe, udzapeza kena. Usakhale Dona wa munthu wina."

"Ndamva, ababa."

"Kumva kwako ndimakudziwa." Anatsitsa mawu n'kuyang'ana kuzenera la chipinda cha atsikana. "Palinso china. Mawa kukubwera azakhali a mng'ono wako. Ine ndi amayi ako tachita mbali yathu, koma ife ndife akuluakulu, timachoka m'mawa n'kubwera madzulo. Amene amagona naye, kudzuka naye, kuyenda naye kusukulu, ndiwe. Mwana uja akanena kuti akhala, adzakhalira iwe. Akanena kuti apita, iwe ndi ine tikudziwa kuti kumeneko cholembera sakachigwiranso. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, nanji uyu ndi magazi a amayi ako. Lero umusangalatse."

Naphuma anagwedeza mutu. Mawu onsewo analowa khutu ili n'kutulukira linali, kupatula awiri okha omalizawo, omwe anamupatsa njira.

4. Makomo atatu

Masana mayi ali kuntchito ndipo bambo atapita ndi wophunzira, Naphuma analowa kuchipinda. Anapeza Kaduu akupinda zovala pabedi.

"Iwe, siya zimenezo. Bweretsa foni yako tisewere makhadi."

Kaduu anatembenuka kuyang'ana kumbuyo, ngati kuti mwina akuuza wina. "Ine, asisi?"

"Pali Kaduu wina muno?"

Abale, nkhope ya mwanayo mukanaiona! Chibwerereni panyumbapo Naphuma anali asanamuitanirepo chilichonse, ngakhale kukagula machesi. Anakankhira zovala kumbali, kusolola foni pansi pa pilo, n'kukhala mopinda miyendo, akumwetulira mpaka mano onse poyera.

"Umatha?" anafunsa Naphuma.

Kaduu anazengereza pang'ono. "Ndiphunzitseni inuyo."

"Zosavuta izi. Waona makomo atatuwo?"

Anafotokoza monga momwe Dona anamufotokozera, mawu ake omwewo, ngakhale kakwezedwe ka mapewa. Khadi pakhomo lililonse. Nambala yaikulu itsegula. Wa makomo awiri asankha khadi la patebulo. Za mitundu anamuuza, kuti aoneke wachilungamo.

"Ndipo khadi lomwe umalikonda ulisiye m'thumba. Lili pabwino."

Kaduu anamuyang'ana m'maso. "Palibenso lamulo lina, asisi?"

"Palibe."

Analumikiza mafoni. Ulendo woyamba Kaduu anatsegula khomo limodzi, Naphuma awiri, n'kutenga kakhadi ka Mbuzi. Kaduu anaseka. Kanali koyamba Naphuma kumva kuseka kwake, ndipo kanali kaphwete kofanana ndi ka mufoni muja.

"Mwandidyera mbuzi yanga! Tiyeni tibwereze."

Ulendo wachiwiri zinatha chimodzimodzi. Kaduu anawomba m'manja, amvekere, "Koma ndiye ndinu akatswiri!" Anayamba kulankhula, mwana uja wa duu. Anafotokoza za mnzake wa kalasi amene amagona nthawi ya masamu, za galu wa pageti la sukulu, za momwe amayi ake ankatchulira mkulu wandevu uja kuti apongozi. Naphuma ankangoti "mm", maso ali pa makhadi. Anali atasunga atatu ake amphamvu, lofiira, lobiriwira ndi lakuda, lililonse la khomo lake.

Asanaike makhadi a ulendo wachitatu, Kaduu anafunsanso.

"Asisi, mwandiuza onse eti? Malamulo?"

"Iwe, ndakuuza kale. Ika makhadi."

Kaduu anaika. Khomo loyamba linatsegukira Naphuma. Lachiwiri, Naphuma. Lachitatu, Naphuma.

Thumba la Kaduu linatseguka pasikirini ya Naphuma. Munali makhadi ochuluka zedi, ena oti Naphuma anali asanawaonepo. Pamwamba penipeni panali la m'mbali mwa golide, lolembedwa kuti "Amayi".

"Aa," anatero Naphuma, ndipo mawu anatuluka okha ngati anawaloweza, "ndinaiwala kukuuza. Kumeneku timati kusesa."

Kumwetulira kwa Kaduu kunazima, koma sanadzidzimuke. Analankhula motsitsa.

"Tengani Njovu ya naini iyo, asisi. Kapena Mkango, ndi wa teni. Tengani lililonse."

"Ndikufuna lagolideli. Ndikungobwereka. Ndikakamugonjetsa Dona Lolemba ndikubwezera."

"Ayi, asisi, limenelo ayi. Dikirani ndikuuzeni, khadi limenelo likangoti..."

Chala cha Naphuma chinali chitagwera kale. Pasikirini panabwera mawu ambiri ofiira, pansi pake funso lakuti akutsimikiza kapena ayi. Kaduu anadumpha kuti amugwire dzanja. Koma ndi liti pamene Naphuma anawerengapo mawu ataliatali? Anadina.

5. Tsamba lomaliza

Khadi linauluka kuchoka m'thumba la Kaduu n'kugwera m'thumba la Naphuma. Likugwera, golide uja anazimirira. Dzina linafufutika. Chinatsala ndi kakhadi koyera mbee, ka nambala wani.

Naphuma anakwinya nkhope. Anakakhudza. Zii. Anakweza mawu a foni mpaka kumapeto n'kukakhudzanso. Zii.

"Foni yangayi yayamba misala," anatero. "Dikira ndikubwezere, likalankhulira kwako."

Anatumiza khadilo msangamsanga. Linafika mufoni yosweka ija lili loyera chomwecho. Kaduu analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analikhudza kamodzi n'kuika foni pakhutu, monga ankachitira m'mawa uliwonse. M'chipindamo munangomveka wailesi ya anthu oyandikana nawo.

Kaduu sanalire. Zikanakhala bwino akanalira, akanakuwa, akanamuponyera pilo. Anangotsitsa foniyo n'kuiika pamwendo.

"Khadi la mwini likasintha manja limafufutika," anatero. "Dzina, mawu, golide, zonse. Silibwerera. Ndi lamulo lomaliza."

"Unadziwa bwanji?"

"Malamulo onse ndimawadziwa, asisi. Ndinkawawerengera amayi kuchipatala maso awo atayamba kuvuta. Za kusesa ndimadziwa. Gemu imeneyi ndinaimaliza kalekale."

Naphuma anamuyandikira. "Nanga bwanji unati ndikuphunzitse? Bwanji wagonja?"

"Ndimaika makhadi ofooka dala. Dzulo munabwera mutakhumudwa, ndiye ndimafuna mupambane, mukondwe. Munali musanandiitanepo." Anapukuta galasi losweka lija ndi chala. "Ndinakufunsani kawiri. Ndinaona kuti mukundibisira, koma ndinati asisi akungofuna Mkango, atenge, ndiwapatsa. Sindinaganize kuti mungatenge amayi. Mumawamva m'mawa uliwonse."

"Kaduu, ine sindimadziwa kuti lifufutika. Ndikulumbira, sindimadziwa!"

"Ndikudziwa kuti simumadziwa. Koma kuti ndi amayi mumadziwa."

Kaduu anaimirira, kuika foni pansi pa pilo, n'kupitiriza kupinda zovala zija. Anapinda siketi ya Naphuma, bulauzi ya Naphuma, n'kuziika bwinobwino mbali ya Naphuma ya shelefu. Zake sanaziike pashelefu. Anazisanja pampando, pafupi ndi chikwama chomwe anabwera nacho.

Naphuma anathawira kuseri kwa nyumba, pomwe amayanika zovala, n'kukhala pa chidebe chovundikira. Anatsegula gemu, kuyendetsa kamunthu kake kubwerera kumzinda woyamba, mpaka m'nyumba ya alendo. Mkulu wandevu anali pomwe paja, patebulo lake. Ulendo uno Naphuma sanadumphe. Anawerenga tsamba loyamba, lachiwiri, za mitundu, za kusesa, chilichonse chomwe Dona "anaiwala" chili poyera. Ankafunafuna pena pomwe pangalembedwe njira yobwezera. Anafika patsamba lomaliza.

"Wapaulendo," anatero mkulu wandevu, "khadi la mwini ndi la mwini yekha. Ukalilanda, udzagwira pepala loyera, ndipo mnzako adzatsala wopanda kanthu. Palibe wopambana pamenepo. Ganiza kawiri."

Pansi pake panalibe tsamba lina.

Ndiye kuti ngakhale Dona ankadziwa kuti khadi lagolide la munthu wina silingafike Lolemba. Anangomutuma kukatunga madzi ndi dengu, ndipo iye anapita mothamanga. Naphuma analira pamenepo, kulira kowawa, kopanda womutonthoza, chifukwa womutonthoza yekha pakhomopo ndi amene anali m'chipinda akusanja zovala pampando.

Dzuwa litapendeka, galimoto ya bambo inalowa pageti, mayi ali momwemo. Mayi anatsika ndi kajumbo, nkhope ili ngwee. Anali atagula nsalu ya yunifolomu yatsopano ya Kaduu, poti yakale inali itafupika.

Onse atakhala patebulo kuti adye, mayi anayala nsaluyo pamwendo pa Kaduu.

"Taona, mwanangu. Lolemba tipite kwa atelala akakuyeze. Azakhali ako akabwera mawa, uwauze wekha kuti kuno ndi kwanu. Si choncho?"

Kaduu anasisita nsaluyo ndi dzanja. Anaipinda mosamala, ngodya ndi ngodya, n'kuibweza m'manja mwa mayi ndi manja awiri.

"Zikomo, amayi. Koma musaidule. Mwina kusitolo angailandirenso. Ndipita ndi azakhali."

Supuni ya mayi inagwera m'mbale. "Chifukwa chiyani, mwanangu? Takulakwira chiyani? Wina wakunena?"

"Palibe wandinena."

"Nanga sukulu? Kodi ukudziwa zomwe ukukazipeza kumeneko?"

"Ndikudziwa, amayi. Azakhali sanandibisire. Anandiuza zonse, za ana, za ntchito, za sukulu. Kumeneko ndikudziwiratu."

Mayi anagwira pakamwa. Bambo sanayang'ane Kaduu n'komwe. Anasiya kudya, kupukuta manja pang'onopang'ono, n'kutembenukira kwa mwana wawo, yemwe maso ake anali ofiira ndipo chakudya chake chinali chisanakhudzidwe.

"Naphuma," anatero, ndi mawu aja amalankhulira galimoto ikayamba kubwerera m'mbuyo pachitunda. "Pita kuchipinda ukatenge mafoni onse awiri. Ubwere nawo pano, ndipo ufotokoze kuyambira pachiyambi. Usadumphe kalikonse."